Tulutsani Njerezo Panja

Tsegulani kaphukusiko pang'onopang'ono, ndipo chonde musayetsemule. M'katimo muli tinjere takuda bii, tonyezimira ngati tapakidwa mafuta. Munthu wa kwathu atationa anganene kuti ndi njere za bonongwe, kungoti iti n'tosongoka mbali imodzi ngati dontho la madzi, ndipo kalikonse sikapitirira milimita imodzi ndi theka. Mukapumira pafupi, theka la chuma chanu lauluka. Koma m'kanjere kalikonse mwagona chomera chimene chimatchera msampha, kuwerenga, kugwira nyama ndi kuigaya, chilibe bongo, chilibe minofu, chilibe chifu. Azungu amachitcha Venus flytrap, akatswiri a zomera amati Dionaea muscipula. Inu amene mwagwira njerezi manja ali njenjenje, ndabwera ndi mawu amodzi: zitulutseni panja.

Ndikudziwa chimene mtima wanu ukufuna, chifukwa inenso ndinachichitapo. Ulendo woyamba ndinazilera ngati khanda lobadwa masiku asanakwane. Ndinagula dothi la maluwa lakuda, lonona, lonunkhira chonde. Ndinazikwirira bwinobwino kuti zisazizidwe. Ndinavindikira mphika ndi pulasitiki n'kuuika pawindo, kuseri kwa katani, kuopa kuti dzuwa lingaziwambe. M'mawa uliwonse ndinkathirira madzi a pampopi, ndipo tsiku lina chikondi chitandikulira ndinasungunulirako kafeteleza. Chimene chinamera ndi chuku, choyera mbee ngati thonje. Njere 30, palibe ndi imodzi yomwe imene inandionetsa tsamba. Sindinaziiwale ngakhale tsiku limodzi. Kukoma mtima kwangako n'kumene kunazipha.

Ndikanayamba ndafunsa kwawo kwa chomerachi, sindikanadya phula.

Kwawo n'kumodzi kokha padziko lonse lapansi: kachigawo ka m'mphepete mwa nyanja ya Atlantic, ku North Carolina ndi South Carolina m'dziko la America, pa mtunda wosapitirira makilomita 160 kuchokera mumzinda wa Wilmington. Kwina konse kumene mungachione, anachita kupita nacho ndi anthu. Ndipo musaganize kuti kwawoko n'kumwanaalirenji. Nthaka yake ndi mchenga wosakanikirana ndi zinyalala zowolerana za m'dambo, yonyowa chaka chonse, yowawasa, yosukuluka ndi mvula mpaka nayitrojeni kutsalamo wongonunkhiza. Mlimi wa chimanga mutamupatsa munda umenewo angakuthokozeni n'kukubwezerani. Mitengo yake ndi ya paini wa masamba aatali, yomera motalikirana, moti dzuwa limafika pansi lonse lathunthu. Nyengo yotentha kumatentha zenizeni, nyengo yozizira kumagwa chisanu chowaula udzu. Ndiye zikapita zaka zingapo mphenzi imagwa, tchire lonse n'kuyaka.

Moto umenewo si mdani wake ayi. Masamba amapsa, koma tsinde lake limabisala pansi ngati kaanyezi, ndipo limaphukanso. Chimene moto umachotsa ndi zitsamba zazitali zimene zikanachiphimba. Kumene anthu anayamba kuzimitsa moto uliwonse poganiza kuti akuteteza nkhalango, zitsamba zinakula, mthunzi unachuluka, tizomera tamsamphati n'kuzimiririka. N'chifukwa chake ku Green Swamp, malo otetezedwa amene bungwe la The Nature Conservancy limayang'anira, ogwira ntchito amayatsa dala tchire pa nthawi yake. Ife tikuchidziwa chimenechi: msipu wanthete umene mbuzi zimathamangira umaphukira palupsa. Kwawoko maluwa ake oyera amatuluka mu May ndi June, njere zimakhwima cha mu June ndi July, n'kugwera pamchenga, pambalambanda. Palibe amene amazifunditsa.

Tsono mvetserani apa, inu amene mumati munabadwira pouma. Msampha umene dziko lonse limachita nawo chidwi ndi mwana wa umphawi. Nthaka itakana kupereka chakudya, tsamba linasanduka dzanja, n'kuyamba kutenga m'mwamba chimene pansi panalibe. Zomera zina za nthaka yachonde zilipo miyandamiyanda, ndipo zambiri palibe amene amazitchula n'dzina lomwe. Koma ichi cha pamchenga chinachititsa bwanamkubwa wa North Carolina, Arthur Dobbs, kutenga cholembera mu 1759 n'kulembera katswiri wa zomera Peter Collinson ku London za tsamba limene limatsekera ntchentche. Katswiri wina, John Ellis, anachipatsa dzina la sayansi mu 1768. Charles Darwin, munthu amene anazungulira dziko n'kuona zachilendo zosawerengeka, anakhala nacho pansi masiku ambiri, kuchikhudza ndi tsitsi, kuchidyetsa tizidutswa ta nyama ndi ta dzira, ndipo m'buku lake la mu 1875 lonena za zomera zodya tizilombo sanabise kuti chinamuzunguza mutu.

Taonani mmene chimagwirira ntchito. Kunsonga kwa tsamba kuli mbali ziwiri zonga zikhatho, zokhala ndi mano m'mphepete. M'kati mwa chikhatho chilichonse muli tiubweya, kawirikawiri titatu. Kanthu kakakhudza kaubweya kamodzi, msampha umangokhala chete ngati sunamve. Kakakhudzanso pasanathe masekondi 20 kapena kuposerapo pang'ono, phaa! watseka, mofulumira kuposa kuphethira kwa diso. Koma sutseka kotheratu. Mano aja amapingasana n'kusiya timipata, ndipo kachilombo kochepetsetsa, kosakwana ndiwo, kamatuluka n'kumapita. Chachikulu chimaphiriphitha, ndipo kuphiriphithako n'kumene kumachipachika, pakuti chikukhudzabe tiubweya tija. Gulu la Rainer Hedrich ku yunivesite ya Würzburg, ku Germany, linaonetsa mu 2016 kuti chomerachi chimawerenga ndithu: kukhudza kuwiri ndiko kutseka, kukafika pa kasanu timadzi togayira chakudya timayamba kukonzedwa. Pakatha sabata imodzi kapena masiku khumi msampha umatseguka, m'kati mutangotsala chikhungwa choti chiuluzike ndi mphepo. Ndipo dzina lisakunamizeni, ntchentche si ndiwo yake ya tsiku ndi tsiku. Zambiri zimene chimagwira ndi zoyenda pansi: nyerere, akangaude, tizikumbu.

Kuwerenga konseku n'kwachiyani? N'chifukwa choti kutseka kumadya mphamvu, ndipo msampha uliwonse uli ndi maulendo owerengeka, ukawatha umada n'kufa. Chomera cha pouma sichingataye mphamvu pa dontho la mvula kapena kachitsotso kogwa ndi mphepo. Anzanga, ndi angati a ife amene timatsekera chilichonse chotikhudza? Mawu amodzi a pa WhatsApp, tatseka. Mnzathu watiyang'ana moipa pamaliro, tatseka, sabata yonse tikugaya mpweya. Kenako mwayi weniweni ukamatera, tsamba linatopa kale. (Ndipo inu amene mudzakhale ndi chomerachi, uzani alendo anu asamachipise chala kuti aone chikutseka. Akuchibera moyo kuti iwo aseke.)

Tiyeni kuntchito. Pezani mphika wa pulasitiki wobowoka pansi. Dothi la m'dimba ayi, manyowa ayi, feteleza ndiye musamutchule n'komwe, chifukwa mizu yake imapsa ndi mchere umene mbewu zina zimakondwera nawo. Chofunika ndi peat, ndere za m'dambo zowolerana zimene amagulitsa m'matumba, yopanda feteleza wothiriratu, muisakanize theka ndi theka ndi mchenga wa silika wotsuka bwino kapena perlite. Nyowetsani, salazani pamwamba, kenako wazani njerezo motalikirana, monga amafesera fodya panazale. Musakwirire. Zidinikizeni pang'ono kuti zigwirane ndi chinyontho, basi. Sizifunanso kuyamba zagonekedwa m'chisanu milungu ingapo monga njere za Sarracenia, zomera zina zodya tizilombo za kumeneko. Izi zimagwa zili zokonzeka kale.

Madzi ndi pamene ambiri amagwera. A pampopi ndi a pamjigo kawirikawiri amakhala ndi mchere wosaoneka umene umaunjikana mumphika mpaka kupha mbande. Tungani a mvula. Akasowa, funani otcheza, aja amachita kuwiritsa n'kukolola nthunzi yake monga amatchezera kachasu. Ikani mphika m'mbale, thirani madzi m'mbalemo okwana sentimita imodzi kapena awiri, dothi lizidzikokera lokha kuchokera pansi. Mbaleyo isaume. Mukatero nyamulani zonse, tulukani pakhomo, kaikeni pamene dzuwa limawomba maola ambiri, nyengo itafunda, masana kukufika madigiri 25 mpaka 30. Amene muli ku Britain dikirani chisanu chithe, cha mu May kapena June. Amene muli ku Joni nyengo n'zotembenuka, yanu ndi September mpaka November.

Ndikukumvani mukuti, nanga mvula ikabwera yamphamvu? Nanga mbalame? Zoona, zimenezo zilipo, ndipo sindikunamizani. Dontho limodzi lalikulu limatha kuthamangitsa njere kuchoka pakati pa mphika kukagwera pansi. Mbalame zimazula ndere pofuna zomangira zisa. Agologolo amafukula mphika ngati anasungitsamo ndalama. Nkhono zimayenda usiku. Walira mvula walira matope. Koma zonsezi zili ndi mankhwala ake otchipa: kawaya ka sefa kapena kaneti pamwamba kamaswa madontho ndi kutchinga milomo, mitambo ikada mumakokera mphika pakhonde, dzuwa la masana likafika poti dothi likutentha m'manja mumatchingako pang'ono. Ndipo fesani zambiri. Amene akufuna mbande khumi safesa njere khumi.

Nanga panja pali phindu lanji loti munthu apirire zonsezi? Mphepo imayenda, ndipo chuku sichikonda poyenda mphepo. Mbande yomerera padzuwa imalidziwa dzuwa kuyambira tsiku loyamba, imakula yaifupi, yolimba, misampha yake nthawi zambiri imafiira m'kati. Yomerera m'chipinda imatalika monyozoloka, yotumbuluka, ndipo tsiku limene mudzaitulutse mwadzidzidzi idzapsa ngati pepala, pokhapokha mutaizoloweza pang'onopang'ono. Chakudya panja chimabwera chokha. Kufupika kwa masiku ndi kuzizira kwa usiku kumaiuza nthawi yogona popanda inu kuwerenga kalendala. Alipo akatswiri amene amameretsa bwino m'nyumba ndi magetsi apadera, ndipo sindikuwanyoza. Koma iwo amachita kugula dzuwa, mphepo ndi chisanu, zimene kuseri kwa chitseko chanu zikuperekedwa ulele.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa kuposa mbalame ndi agologolo. Njere za chomerachi sizidikira munthu mpaka kalekale. Zatsopano zimamera msanga ndiponso zambiri. Zikakhala m'kabati motentha, mphamvu yake imatsika mwezi ndi mwezi. Mu firiji zimapirirako, koma ngakhale mmenemo si muyaya. Choncho munthu amene akuti ndidzafesa ndikadzapeza malo abwino, ndikadzawerenga mokwanira, zinthu zikadzakhala bwino, akuganiza kuti akusunga, pamene akutaya mwakachetechete. Tsiku limene adzatsegule kaphukusi, njere zidzaoneka chimodzimodzi, zakuda, zonyezimira, koma m'kati mulibe kanthu.

Ndikulankhula za njere, koma inu mukudziwa chimene chili m'kabati yanu. Buku lija munalemba machaputala atatu n'kulibisa pansi pa matiresi kuopa kusekedwa. Kabizinesi kaja mwakhala mukukawerengera m'kope zaka zinayi. Fomu ya sukulu ija imene chaka chilichonse mumaitenga n'kuibweza. Mawu aja oti mukapepese m'bale wanu. Mwazivindikira ndi pulasitiki, mukuzithirira ndi maloto m'mawa uliwonse, ndipo mukudabwa kuti bwanji zikungochita chuku. Tulutsani! Inde, wina adzaseka. Inde, mvula idzakokolola zina. Koma chimene chidzamere chidzakhala chodziwa dzuwa.

Mukafesa, ntchito yovuta kwambiri imayamba, ndiyo kusachita kanthu. Sabata yoyamba, zii. Yachiwiri, mwina zii. Njere zatsopano zimayamba kumera pakati pa milungu iwiri ndi isanu, zakale zimatha kuchedwerapo. Masiku amenewa chala chimayabwa. Mumafuna kutokosa kuti muone ngati zili moyo, kusuntha mphika, kusintha dothi, kuwonjezera kenakake. Lekani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yanu ndi imodzi, kuona kuti m'mbale muli madzi.

Ndiye m'mawa wina mudzawerama, mwina ndi galasi lokulitsa zinthu, n'kuona kamuzu koyera katatuluka kunsonga kwa njere. Pakapita masiku, timasamba tiwiri tobiriwira tidzadzuka, nthawi zina titasenza chikhungwa chakuda chija ngati chipewa. Timeneti ndi timasamba wamba, tilibe msampha. Dikiranibe. Tsamba lotsatira ndi limene lidzakugwetseni m'mawondo: kunsonga kwake kuli kamsampha kochepa ngati mutu wa singano, kali ndi mano ake, kali ndi tiubweya take, ndipo kakugwira ntchito. Kamagwira tizilombo ting'onoting'ono ta m'dothi timene inu simungatione bwino ndi maso. Ine nditakaona koyamba, pa ulendo wanga wachiwiri, ndinaseka ndekha pabwalo ngati wamisala. Kanthu kosakwana njere ya mpunga, koma sikanadikire kuti kakule kaye ndiye kadzayambe kutchera. Kanayamba ndi kukula kumene kanali nako, n'kugwira nyama ya msinkhu wake. Inu mukudikira mpamba wa mamiliyoni kuti muyambe?

Konzekani mtima, chifukwa ulendowu ndi wa zaka. Chaka choyamba chomera chonse chimatha kubisika pansi pa kandalama kachitsulo. Kuti chifike pokhwima n'kutulutsa maluwa pamapita zaka zitatu, zinayi, mwina zisanu. Pakatipo anthu adzakufunsani kuti kodi mphika wa ndere uwu ukukupindulirani chiyani. Ndipo chaka chilichonse idzafika nyengo yozizira, miyezi itatu kapena inayi, pamene kukula kumaima, masamba ambiri amada, misampha imachepa n'kuchita ulesi. Apa ndi pamene zomera zambiri zimatayidwa kudzala zili moyo. Mwini wake amayang'ana n'kunena kuti chafa. Chikhalirecho chagona, ndipo tulo timeneti n'tofunika: chomera chimene chimamanidwa nyengo yozizira chaka ndi chaka chimafooka mpaka kutha. Ngati kaanyezi ka pansi kali koyera ndi kolimba, moyo ulipo. Chepetsani madzi koma dothi lisaume, tetezani timbande ku chisanu choumitsa mphika gwa, ndipo dikirani masiku atalike. Inunso ikadzakufikirani miyezi imene palibe chikuoneka, anthu akuti uja anatha, musathamangire kudzitaya kudzala. Yambani mwafukula pang'ono muone ngati pansi pali poyera.

Njira yachidule ilipo, ndipo ena anaitenga. Kwa zaka zambiri anthu ankalowa m'madambo a ku Carolina ndi timafosholo n'kumazula zomerazi kukagulitsa, chifukwa chilango chinali kachindapusa kosaopsa. Mu 2013 akuba anazula zoposa 1,000 m'munda wotchedwa Stanley Rehder mumzinda wa Wilmington. Kuyambira pa 1 December 2014, North Carolina inasandutsa kuzula chomerachi kutchire kukhala mlandu waukulu wopita nawo kundende, ndipo mu January 2015 amuna anayi anagwidwa kutchire la Holly Shelter ali ndi zomera 970. Zimene tchire linalera zaka zambiri, munthu amazitha usiku umodzi. Kunena chilungamo, zambiri zimene zili m'masitolo masiku ano sizakuba, amazichulukitsa m'malabotale kuchokera ku tizidutswa ta chomera chimodzi, ndipo kugula si tchimo. Koma zimenezo zimafanana zonse ngati mabatani a yunifolomu. Chomera chochokera ku njere n'chosiyana ndi china chilichonse, china chofiira kwambiri, china cha mano aatali, china chaulesi, china chakhama. Chimene chidzamere mumphika mwanu sichinaonekepo padziko.

Chenjezo limodzi pogula njere: pa intaneti pali akathyali amene amaonetsa zithunzi za misampha yabuluu yowala ngati magetsi. Chomera chotero kulibe. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri alandira njere za udzu n'kuzilera miyezi ndi chikhulupiriro chonse. Gulani kwa alimi odziwika a zomera zodya tizilombo, funsani kuti njerezo anakolola liti, ndipo zikafika ziyang'aneni: ngati si zakuda, zosalala ndi zonyezimira, si zimenezo.

Ndipo musaganize kuti luso lodya m'mwamba nthaka ikakana ndi la ku America kokha. M'madambo ndi m'mapiri a ku Malawi ndi Zambia mumamera Drosera, wachibale wa chomerachi m'banja limodzi, timasamba take tofiirira tokhala ndi timadontho tomata ngati ulimbo. Ambiri tinatipondapo popita kukatunga madzi osadziwa kuti pansi pa phazi pali mlenje.

Tsono dzukani. Ngati mitambo yayamba kusonkhana, kaikeni ndowa yoyera pabwalo ikolole madzi. Tsukani mchenga mpaka madzi ake ayere. Sakanizani, nyowetsani, salazani. Tsanulirani tinjere tija papepala loyera kuti mutione, ndipo mutiwaze kamodzikamodzi. Lembani tsiku la lero pakathabwa, mukazike m'mphepete mwa mphika. Phimbani ndi kawaya ka sefa, thirani madzi m'mbale, sankhani pamene dzuwa la m'mawa limayambira kufika. Mukatero ikani manja kumbuyo, mubwerere m'nyumba nokha. Mphikawo utsale panja.